Nyumba Yomangidwa ndi Malonjezo

Mu ufumu wa Zidzatheka muli mzinda waukulu wotchedwa Posachedwa. Munthu amene adachokamo kale, masiku amene msewu waukulu udali ndi mitengo ya mthunzi uku ndi uku, madzi n'kumatuluka pampopi popanda kuwapempherera, akatsika basi lero amayamba wafunsa kondakitala ngati sanasochere. Mitengo ija idapita ku makala. M'nyumba yowerengeramo mabuku akugulitsamo matayala a kaunjika. Pabwalo pamene anthu ankapita atatchena Lamlungu masana kukamvera bandi, pano pamamera mapepala a pulasitiki, ndipo amabereka chaka chonse osathirira.

Koma wina asanene kuti mzinda wa Posachedwa sudatukuke. Udatukuka pa chinthu chimodzi chimene ngakhale maiko aja oyendetsa sitima pansi pa nthaka sangaupose nacho: kuyala miyala ya maziko.

Ku Zidzatheka amati kuyamba ndi ulemu, kumaliza ndi ganyu. Motero munthu wodzilemekeza samaliza kanthu. Meya akafuna kumanga chipatala amaitanitsa tenti, amayi ovina, ndi mwala wakuda wosalala wochokera kunja, waukulu ngati sutikesi ya mtchona, wolembedwa dzina lake m'zilembo zagolide. Amatapa simenti ndi chipande chasiliva, n'kupaka pang'ono ngati wopaka majarini pa buledi wa alendo osawayembekeza, amayi n'kululutira. Akatha kudya amatsitsa tenti, udzu n'kuyamba ntchito yake. Chaka china meya wina, kaya yemweyo ataiwala, amadzayala mwala wina pambali pa woyamba uja. Kudali miyala ya masukulu, ya milatho, ya chimbudzi cha pamsika, koma yochuluka kuposa yonse idali ya nyumba za anthu osauka. Mbuzi za mumzindawo zinkagona pa mayina a anthu akuluakulu okhaokha.

Edesi Kalichero adali mmodzi mwa osauka omangiridwa nyumba aja. Adali mayi wamasiye, wogulitsa mafuta ophikira omanga m'timapepala pamsika wa Tsitsaniko. Kale adali ndi kanyumba kake ka zidina m'dera la Tikhalenawo, mpaka tsiku limene Meya Lakiyoni Gwedemula adagwidwa chisoni ndi mmene anthu a kumeneko ankakhalira. Chisonicho chidafika pa thalakitala. Pofika madzulo dera lonse la Tikhalenawo lidali bwalo loti see, ndipo pakati pa bwalolo padali mwala wonena kuti pamenepa padzakhala nyumba zamakono za anthu a ku Tikhalenawo. Kuyambira pamenepo Edesi ankagona pa makatoni pakhonde la sitolo ya zitsulo, pamodzi ndi mwana wake wamkazi Tafelanji. Tafelanjiyo adali woyembekezera, ndipo mwamuna wake adali atapita kumalire kukafuna ntchito imene akuifunabe mpaka lero. Mitambo idali itayamba kusonkhana kumapiri, ndipo mwini sitolo adali atanena kale poyera kuti khonde lake si chikuta.

Tsiku lina Edesi adapita ku Tikhalenawo kukathyola bonongwe amene ankamera pamene padali khitchini yake. Adapeza mlamu wake Jailosi Kaphwiti atakhala pamwala wa maziko uja. Jailosi adali mng'ono wa malemu mwamuna wake, mmisiri womanga nyumba amene, posowa chomanga mumzinda wa zomangamanga, adayamba kusoka maambulera.

"Alamu, mwakhalira a Meya," adatero Edesi.

"Adayamba ndi iwo kundikhalira," adayankha Jailosi, osasuntha. "Komanso ndi ofunda bwino. Atha tsiku lonse padzuwa."

Edesi adatula dengu lake. Adauzungulira mwalawo, kuugogoda ndi chala, kupapasa m'mbali mwake mowongoka ngati mpeni. Zaka zonsezi adali kuudutsa mwalawo ndi mkwiyo wokha, osauyang'ana ngati mwala.

"Kodi yangati iyi ilipo yambiri mumzinda muno?"

"Funsani mbuzi."

"Ndikufunsa inu, poti kusiyana kwake n'kochepa. Ingakwane khoma?"

Jailosi adasiya kusoka. Adayang'ana mlamu wakeyo, kenaka mwala umene adakhalirawo, ndipo maso ake adachita ngati a munthu amene wamva fungo la nyama atatha mwezi akudya soya.

"Ingakwane tchalitchi," adatero, "ndi nyumba ya abusa yomwe."

Sadachite zobisala ngati mbava. Ankapita dzuwa likuswa mtengo, Jailosi atavala ovolosi yake yakale, Edesi akukankha wilibala yobwereka. Ku Posachedwa munthu wovala ovolosi akamazula chinthu, aliyense amadziwa kuti ndi chitukuko, ndipo amapatuka. Miyalayo sinkavutanso kuzula, poti simenti yake idali mchenga wopakidwa ulemu. Wapolisi wina adawathandiza kukweza pawilibala mwala wa nyumba za apolisi, nawapempha kuti akakafika ku khonsolo akamukumbukire.

Malo adawapeza kuseri kwa msika, pakati pa ngalande ndi mpanda wa chigayo, pamene padalibe wopafuna chifukwa cha fungo. Atakanda dothi, mkangano udabuka.

"Zilembo ziyang'ane m'kati," adatero Jailosi. "Kunja kuoneke kumbuyo kwa mwala, kokhakhalako. Tikatero palibe atidziwe."

"M'kati? M'mene ine ndizivulamo? M'mene mwanayu achiriremo?" Edesi adagwira pakamwa. "Alamu, inu mwambo munausiya kuti? Mayina a anthu akuluakulu azindiyang'ana ndikusintha chitenje? A Gwedemula ndi bambo a eni ake."

"Ndi mwala, alamu. Ulibe maso."

"Dzina la munthu ndi munthu. Ayang'ane kunja, aziona mzinda wawo."

"Ulemu wanuwu udzatigoneka kupolisi."

"Kupolisi kuli denga. Mangani."

Jailosi adamanga. Manja ake, amene adazolowera waya wa maambulera, adakumbukira ntchito yawo, ndipo ankaimba mluzu ali pakatawala. Makoma atatu adatuluka a Gwedemula okhaokha, poti iwowa adakhalitsa paumeya ndipo ankalonjeza mosatopa. Khoma lachinayi, la khomo, lidali la Mayi Grasiyana Nkhokwe, amene adakhalapo meya a Gwedemula asanalowe, mwini nyumba za lendi pafupifupi theka la mzinda. Denga lidali la malata akale, opsinja ndi timiyala ta makhansala. Idali nyumba ya chipinda chimodzi, yakuda, yonyezimira, yagolide m'mizeremizere, yoima pakati pa ngalande ndi gaga ngati mkwatibwi amene wamutsitsa pa siteji yolakwika.

Tafelanji adachirira momwemo, mwana wamkazi. Mvula yoyamba idagwa masana ena Edesi ali pamphasa, khanda lili m'manja. Adamvetsera ikulira pamalata, madzi akutsetsereka pa dzina la meya osalowa ngakhale dontho, ndipo adavomereza mumtima kuti a Gwedemula ndi munthu wothandiza, bola ukadziwa pomuika.

Tsoka lake, chidali chaka cha chisankho.

Opikisana pa umeya adali atatu, ndipo a wayilesi adawakonzera mtsutso pamsika wa Tsitsaniko, m'tenti yomwe ija ya maziko. Mtolankhani adafunsa funso limodzi: anthu ogona m'makonde muwatani, ndipo mzindawu ukule bwanji?

A Gwedemula adaimirira, mimba itatsogola. "Mumzinda wanga mulibe munthu wosowa nyumba," adatero. "Aliyense amene mumamuona pakhonde ali ndi nyumba yake, kungoti sinamangidwe. Tisasokoneze zinthu ziwirizi. Za kukula kwa mzinda, ine ndikuti tikule chokwera. Ndimanga nsanjika zogunda mitambo, wosauka tikamuike pamwamba penipeni, kuti akadzuka m'mawa aziyang'ana olemera ali pansi pake."

"Madzi akafika bwanji kumwambako, poti pansi pano akukana?" adafunsa wogulitsa makala wina ali kumbuyo.

"Munthu woyandikana ndi mitambo afuniranji mpopi?" adayankha a Gwedemula. Amayi ovala nsalu za nkhope yawo adalulutira, ndipo wamakala uja adavomereza kuti wagonja pa sayansi.

Mayi Nkhokwe adayamba ndi kupukuta m'maso, ngakhale mudalibe kanthu. "Ine ndine mayi, ndimamva kuwawa," adatero. "Anthuwa sakusowa nyumba. Akusowa kwawo. Munthu aliyense ali ndi kwawo. Ndikapambana ndibweretsa malole aulere, okongoletsedwa ndi maluwa, kuti tiwaperekeze mwaulemu kumidzi kwawo, ndi kwaya yomwe. Mzinda uli ngati munda wa chimanga: kuti ubereke, umapatulira. Ndipo amene akudandaula kuti lendi yakwera athokoze Mulungu, chifukwa lendi ikakwera ndiye kuti mzinda wakwera."

"Nanga ife obadwira konkuno, kwathu n'kuti?" adafunsa mayi wina wogulitsa usipa.

"Lole idzakutsitsani pamalire a mzinda, mudzasankha nokha kolowera. Ndi ufulu umenewo, achemwali. Ena adaufera."

Wachitatu adali Dokotala Chifuniro Kadzuwa, mnyamata wowonda wamagalasi amene adaphunzira kunja za kamangidwe ka mizinda. Adabwera wapansi, wopanda amayi ovina, wopanda nsalu yogawa. Adagwira chimkuzamawu ngati akuopa kuchipweteka.

"Ine sindikulonjezani nyumba," adatero. "Sindikulonjezani kanthu kalikonse. Sindinayalepo mwala, ndipo sindidzayala. Mwanamizidwa mokwanira. Tiyamba tafufuza bwinobwino kuti osowa pokhala ndi ati, adafika bwanji pamenepo, ndipo mzinda ungakwanitse chiyani. Ndizikuuzani zoona, ngakhale zikuwaweni."

Anthu sadadziwe polulutira. Edesi, amene adaima kumbali ndi beseni lake la mafuta, adamva kanthu kakusungunuka pachifuwa. Adamuona mnyamatayo ngati mwana woleredwa bwino, wa mtundu uja wobweza chenji cholakwika, ndipo adatsimikiza kuti voti yake ndi ya ameneyo.

Apo ndi pamene mvula idadula mtsutso. Tenti ya khonsolo, imene idazolowera miyambo ya m'chilimwe, idatunga madzi mpaka kugwada. Opikisana aja, mtolankhani ndi alonda awo adathamanga kutsata anthu amsika, amene ankadziwa kuti malo osadontha pa Tsitsaniko ponse ndi amodzi okha. Adakaunjikana m'mbali mwa nyumba ya Edesi, misana itatsamira khoma.

A Gwedemula adatembenuka kuti akutumule jekete, ndipo adakumana ndi dzina lawo pamphuno. Adawerenga. Chipatala cha amayi. Pamwamba pake, bwalo la ndege. Pansi pake, nyumba za osauka, gawo loyamba. Pambali pake, nyumba za osauka, gawo loyamba. Chakumunsi, pafupi ndi ngalande, nyumba za osauka, gawo loyamba.

"Mbava," adatero. "Itanani apolisi. Mbava."

Adacheuka ndipo adapeza chimkuzamawu cha mtolankhani chili pakamwa pawo. Munthu sakhalitsa paumeya popanda luso. A Gwedemula adamwetulira, nkhope n'kuwala ngati yapakidwa mafuta a Edesi.

"Mbava," adapitiriza, "ndi onse amene akhala akuba mbiri yanga ponena kuti sindinamange kanthu. Abale anga, onani nokha. Nayi nyumba yoyamba ya ndondomeko yanga. Dzina langa lili paliponse."

"Khomo ndi langa," adatero Mayi Nkhokwe, amene adali atapeza dzina lawo pamwamba pa chitseko. "Nyumba yopanda khomo ndi manda. Ndipo popeza olowa ndi otuluka akudzera mwa ine, mayi wa m'nyumbamu tikambirane za lendi."

Dokotala Kadzuwa sadabisale mvula. Adazungulira nyumbayo madzi akuyenderera pamagalasi, akuwerenga mwala uliwonse ndi kuujambula ndi foni. Atafika pakhomo adapeza Edesi ataima chopingasa.

"Amayi, mukudziwa chimene mwamanga apa? Uwu ndi umboni."

"Ndi nyumba, bambo."

"Ndi umboni wa zaka zonse za bodza. Mzinda wonse uyenera kuona."

"Muli khanda m'katimu. Tsitsaniko mawu."

Nkhaniyi idakafika kunyumba yachifumu, kwa Mfumu Tidzaunika Yachitatu, imene idatchuka m'maiko oyandikana nawo chifukwa chosagamulapo mlandu chilowereni ufumu. Nyumba yachifumuyo nayonso idali ndi zitsulo zoloza kumwamba, zodikira nsanjika yachiwiri imene agogo ake a mfumuyo adaiyalira mwala. M'bwalo la milandu mudali ndowa m'makona onse, ndipo nduna zinkadziwa pokhala posadontha malinga ndi ukulu wa udindo. Edesi, amene adaitanidwa kudzayankha mlandu wa miyala ija, adagwada pakati, pamene pankadontha kwambiri.

Woyamba kulankhula adali Nduna ya Maziko, munthu wamphamvu kwambiri mu ufumuwo. Udindo wa Nduna ya Madenga udaliponso m'malamulo, koma udali wopanda munthu chiyambire.

"Mfumu, kuba ndi nkhani yaing'ono, tonse timaidziwa," idatero ndunayo. "Mlandu wa mayiyu ndi woposa pamenepo. Mayiyu wamaliza."

Bwalo lidazizira. Nduna ina yachikulire idapempha madzi akumwa.

"Wamaliza popanda tenti, popanda mlendo wolemekezeka, popanda ngakhale gule mmodzi. Anthu akaona kuti miyala imeneyi ikhoza kusanduka nyumba, ayamba kufunsa mafunso. Lero ndi nyumba. Mawa wina amaliza mlatho. Dziko lipita kuti?"

Mfumu idasisita ndevu, n'kuyang'ana Edesi. "Mayi, chilolezo unapempha kwa yani?"

"Pamiyalapo palembedwa kuti nyumba za osauka, mfumu," adayankha Edesi, maso ali pansi. "Ndinayang'ana uku, ndinayang'ana uku, wosauka ndinali ine."

Mfumu idaona kuti mlanduwu ukufuna kuikakamiza kugamula, ndipo idachita mantha. Idanong'onezana ndi nduna zake mpaka ndowa zidadzaza, kenaka idakumbukira mwambo wa kusesa. Ku Zidzatheka meya watsopano akalowa, ntchito yake yoyamba ndi kuchotsa mayina a adani ake paliponse mumzinda, pamisewu, pazipupa, ngakhale pazitini za zinyalala, kuti mbiri iyambirenso pa iye. N'chifukwa chake msewu waukulu wa Posachedwa wasinthidwa dzina kambirimbiri koma maenje ake ndi omwe aja.

"Nkhaniyi aigamule ndi mavoti," idatero mfumu. "Wopambana adzasesa monga mwa mwambo. Miyala ya dzina lake idzakhala pamene ili. Ina yonse idzachoka."

Nduna zidaomba m'manja, kutamanda nzeru zakuya. Edesi adathokoza, poti kumeneko ngakhale wokuponda chala umamuthokoza, n'kubwerera kumsika.

Adapeza Jailosi atakhala pakhomo, ndipo adamufotokozera chigamulocho. Jailosi adayang'ana makoma ake ngati sing'anga woyeza wodwala.

"Ndiye zili chonchi, alamu. Akapambana a Gwedemula, mutsala ndi makoma atatu, kutsogoloku tidzatchinga ndi ziguduli. Akapambana a Nkhokwe, mutsala ndi khomo lopanda nyumba, muzilowa n'kutulukira panja pomwepo. Akapambana kamnyamata kanu kachilungamo kaja, mutsala ndi ngalande."

"Mwana uja alibe ngakhale mwala umodzi?"

"Mwaiwala? Sanama."

Edesi adakhala pansi. "Ndiye ndivotere munthu amene adandigumulira nyumba?"

"Ndi yemweyo wakumangirani ina. Mumzinda muno mbale wako weniweni ndi amene adakunamiza kwambiri."

M'mawa mwake Edesi adakafola pamzere wa nsalu za a Gwedemula. Adaivala nkhope ija, n'kuyamba kupezeka pamisonkhano yonse, kutsogolo kwa amayi ovina. Adavina mpaka mawondo kutupa, kuimba mpaka mawu kusasa, kutamanda nsanjika zogunda mitambo ngati adagonamo kale.

"Mayi Kalichero, thalakitala ija mwaiiwala?" adamufunsa mayi wausipa uja, amene nayenso adali wa ku Tikhalenawo.

"Sindinaiiwale, achemwali."

"Nanga chiuno chikugwedezekachi n'cha ndani? Mwabwereka?"

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Inu voterani chilungamo, muli ndi achimwene anu okusungani. Ine ndikuvotera makoma."

Koma pamene Edesi ankavinira a Gwedemula kubwalo, nyumba yake inkawagwetsa kuseri kwa msika. Wayilesi itaulutsa nkhani ija, anthu adayamba kubwera kudzaona. Aphunzitsi ankabweretsa ana kudzaphunzira kuwerenga, poti zilembo zake zidali zazikulu kuposa za pabolodi. Akuluakulu ankayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma ngati ofuna manda a mbale wawo, ndipo aliyense ankapezapo chake. Wina adapeza sukulu imene ana ake akadaphunziramo. Wina adapeza mpopi wa m'dera lake. Bambo wina wa tsidya la mtsinje adapeza mlatho wa kwawo, adaima nthawi yaitali chipewa chili m'manja, ndipo atafunsidwa adangoti mkazi wake adapita ndi madzi pamalo pomwepo, akuwoloka kupita kuchigayo. Miyala ija idali yomwazika m'tchire, uliwonse ndi mbuzi yake, ndipo munthu ankatha kuiwala. Tsopano idali pamodzi, mzere pamwamba pa mzere, yowongoka bwino ndi chingwe cha Jailosi.

Edesi adaona kumene zinthu zinkalowera. Adakanda dothi n'kuzira makoma onse kuti zilembo zibisike. Mvula idabwera n'kutsuka. Adaziranso, idatsukanso. Mwala wochokera kunja sugwira dothi la ku Zidzatheka.

"Ndinanena ine kuti ziyang'ane m'kati," adatero Jailosi.

"Munanena. Mukufuna ndikuyalireni mwala?"

Tsiku la chisankho Edesi adalowa m'kachipinda kovotera, n'kuyang'anitsitsa nkhope zitatu zija. Ya Dokotala Kadzuwa idali yosamwetulira, ngati ya munthu amene akuopa kuti kumwetulira kungaoneke ngati lonjezo. "Pepani bambo," adanong'ona Edesi, n'kuchonga pa mimba ya a Gwedemula.

Dokotala Kadzuwa adapambana ndi mavoti ochuluka kotero kuti ngakhale owerenga mavoti adalephera kuwakonza. Msika wa Tsitsaniko udavina. Wamakala uja adanyamula mayi wausipa m'mwamba. Anthu ankati mzinda wabadwanso, ndipo ena ankabwera kudzagwira Edesi chanza, kumuuza kuti nyumba yake ndi imene yawatsegula maso. Edesi adalandira zanzazo mmodzimmodzi, ngati namfedwa.

Meya watsopano sadachedwe. Adafika m'mawa wina kukuchita mitambo, ali wapansi monga mwa masiku onse, lole ya khonsolo ikumutsata pambuyo pang'onopang'ono. Adaodira pakhomo. Adavula nsapato, n'kukhala pamphasa, n'kufunsa za moyo wa khanda, ndipo adamvetsera yankho lake mpaka kumapeto.

"Amayi, ena akadatumiza thalakitala," adatero. "Ine ndabwera ndekha, kuti mumve kuchokera pakamwa panga. Miyalayi tikuitenga. Tikaiimika pabwalo la khonsolo, kuti mzinda uno usadzaiwale mmene udanamizidwira. Dzina lanu lidzatchulidwa."

"Mwambo wa kusesawu simungaudumpheko, bambo? Inu ndinu wa zatsopano."

"Ndikasiya mayina awo ali chiimire, anthu ati ndagwirizana nawo. Komanso ndi katundu wa mzinda. Ndikayamba kukondera tsiku loyamba, ndisiyana nawo pati?"

"Ndiye ife tipite kuti?"

"Sindikunamizani, amayi. Pakadali pano palibe. Kafukufuku ayamba mwezi wamawa, ndipo inu mudzakhala oyamba kufunsidwa."

"Kufunsidwa chiyani?"

"Mmene zimakhalira munthu akasowa pokhala."

"Ndiye mukunditulutsa kuti ndikayankhe bwino."

Meya adavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso. Zinkaoneka kuti zikumuwawa ndithu, ndipo Edesi adatsala pang'ono kumupepesa.

Panja ntchito idali itayamba. Kapitawo wa khonsolo adafunsa ngati alipo wodziwa mmene miyalayo idalumikizirana, kuti isasweke, ndipo anthu adaloza Jailosi. Adamupatsa ovolosi yatsopano ndi chisoti.

"Alamu, musandiyang'ane choncho," adatero ali pamwamba, akutsitsa malata. "Moyo wanga wonse ndadikira ntchito ya khonsolo. Ndi imeneyi yabwera."

"Gumulani bwino, alamu. Mungadetse ovolosi ya eni."

Mwala uliwonse ankaukulunga m'bulangete latsopano kuti golide asakandike, n'kuugoneka mulole mosamala. Tafelanji adaima pambali pa ngalande, khanda lili kumsana m'kansalu kopyapyala ka nkhope ya a Gwedemula, akuyang'ana mabulangetewo. Bwalo la ndege lidakwera. Chipatala cha amayi chidakwera. Nyumba za osauka zidakwera gawo loyamba ndi gawo loyamba, mpaka padatsala mphasa, mbaula ndi beseni la mafuta, zili pamtetete pakati pa khamu la anthu odzaonerera.

Edesi adayandikira meya, n'kugwada pang'ono.

"Bambo, ndipempheko kanthu kamodzi."

"Nenani, amayi. Ngati n'kotheka ndikuuzani, ngati n'kosatheka ndikuuzaninso."

"Namaniko pang'ono. Lonjezani chipatala, kaya sitima yapamadzi, chilichonse. Muyale mwala, ngakhale waung'ono. Muziyala pafupipafupi, ine wilibala ndibwereka."

"Amayi, ine sindinama."

"Ndaona, bambo, ndipo Mulungu akudalitseni. Koma anzanu aja akanama, bodza lawo linkalemera, munthu n'kutchinga nalo mphepo. Nanga choonadi chanuchi, mwanayu ndimugoneke mbali iti ya icho?"

Meya adaganiza, poti adali munthu wosayankha asanaganize. Adayang'ana khanda, adayang'ana mitambo, adayang'ana lole.

"Sindikudziwa, amayi," adatero.

Anthu adayang'anana. Chiyambire mzinda wa Posachedwa, padalibe amene adamvapo meya akunena mawu amenewo. Wamakala ndiye adayamba kuomba m'manja, mayi wausipa n'kulandira ndi nthungululu, mpaka msika wonse udagwedezeka, ena akupukuta misozi ponena kuti tsopano apeza mtsogoleri. Adali akuombabe pamene madontho oyamba adagwa pamphasa, ndipo Edesi adawerama n'kuyamba kuipinda.